Utoto Pansalu, Kuwala Pagalasi: Njira Ziwiri Zojambulira Chithunzi

[KANYIMBO KOTSEGULIRA, KATSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Lero tili ndi mkangano umene wabuka pakati pa anthu ojambula zithunzi pamanja. Uku kuli amene amagwira burashi, kusakaniza utoto, n'kupaka pansalu kapena pakhoma. Uko kuli achinyamata amene masiku ano amajambulira pa foni, pa tabuleti kapena pa kompyuta, m'manja muli mbee, mopanda ndi dontho lomwe la utoto. Akuluakulu ena akaona zimenezi amapukusa mutu, amvekere, “Uku si kujambula ayi, makinawo ndi amene akumugwirira ntchito.” Nawo achinyamata sagonja. Amati za utoto n'zachikale, n'zodula, ndiponso zimachedwetsa.

Ine ndili ndi mbali yanga pankhaniyi ndipo sindikubisirani. Koma tisanaweruze, tiyeni tione kaye mmene ntchito ziwirizi zimagwiridwira.

Tiyambire kwathu konkuno. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 amene ali ndi zithunzi zojambulidwa pamatanthwe, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Mukakwera ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi mukapeza zithunzi zofiira ndi zoyera. Zofiirazo, za mizeremizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati anajambula ndi Abatwa, aja timawatchula kuti Akafula. Zoyerazo ndi za makolo a Achewa. Anajambula ndi dothi loyera, kawirikawiri ndi chala, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Munthu anakumba dothi, kulisungunula, kuviika chala, n'kuchiyendetsa pathanthwe. Mpaka lero kujambula ndi utoto n'komweko basi: pafunika ufa wa mtundu winawake, chinthu chouphatikiza kuti umatirire, ndi malo opakapo.

Chimene chakhala chikusintha ndi zipangizo. Ku Ulaya ankasakaniza ufawo ndi dzira, kenaka anazolowera mafuta, ndipo Jan van Eyck, amene anajambula chithunzi chotchuka cha banja la Arnolfini mu 1434, anasonyeza dziko kuti utoto wamafuta ungathe kuonetsa ngakhale ubweya wa chovala ndi kunyezimira kwa kalilole. Utoto wabuluu wabwino kwambiri unkachokera ku mwala wotchedwa lapis lazuli, wokumbidwa ku Afghanistan, ndipo unali wodula kwakuti wojambula ankausungira malo olemekezeka okha, monga chovala cha Maria. Kusunga utoto wosakaniza kale kunalinso vuto. Ankauthira m'chikhodzodzo cha nkhumba, kumanga, n'kumaboola akafuna kufinya. Mu 1841 wojambula wina wa ku America, John Goffe Rand, anatulukira kachubu kachitsulo chofewa kokhala ngati ka mankhwala otsukira mano, ndipo kachinthu kakang'onoko kanathandiza anthu ngati Claude Monet kutuluka m'nyumba n'kukajambulira kumtsinje, dzuwa likuwaomba. Utoto wa akiriliki, umene ojambula ambiri kuno amaukonda chifukwa umasungunuka ndi madzi ndipo umauma msanga, unayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1950. Ndi wadzulodzulo.

Kuno ku Africa anthu sanadikire zipangizo za m'sitolo. Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania anayamba kujambula mu 1968 ku Dar es Salaam ndi penti wa njinga, akupaka pa timabolodi ta siling'i. Anamwalira mu 1972, koma kajambulidwe kake kakugulitsidwabe mpaka pano. Mayi Esther Mahlangu a ku South Africa amajambula mizere ya Chindebele ndi nthenga za nkhuku, opanda rula, ndipo mu 1991 kampani ya BMW inawapatsa galimoto kuti aikongoletse. Ndiye munthu akati, “Wojambula weniweni sagwiritsa ntchito zachilendo,” ine ndimafunsa kuti zachilendozo zikuyambira pati. Pa chala? Pa nthenga? Pa kachubu?

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tsono tibwere ku kompyuta. Mu 1963 Ivan Sutherland, ali wophunzira pa sukulu ya MIT ku America, anapanga pulogalamu yotchedwa Sketchpad, imene inkalola munthu kulemba mizere pagalasi la kompyuta ndi cholembera chapadera. Pulogalamu ya Photoshop, ya abale awiri Thomas ndi John Knoll, inatuluka mu 1990. Procreate, imene ambiri amajambulira pa iPad, inatuluka mu 2011. Zilipo zina zaulere, monga Krita ya pa kompyuta, komanso ibisPaint imene mwana angathe kuika pa foni ya m'manja n'kuyamba kujambula ndi chala.

Kwa amene simunaonepo, zimayenda chonchi. Wojambula amagwira cholembera chopanda inki n'kumachiyendetsa pagalasi, kapena pa kathabwa kapulasitiki kolumikizidwa ku kompyuta. Cholemberacho chimamva mphamvu ya dzanja. Akakanikiza, mzere umanenepa. Akapeputsa dzanja, mzere umaonda. Amasankha kuti mzerewo uoneke ngati wa pensulo, wa makala kapena wa burashi yonyowa. Chinanso chachikulu n'chakuti chithunzi amachimanga m'magawo osanjikizana. Yerekezani mapepala apulasitiki oonekera mkati: pa limodzi mwajambula thambo, pa lina phiri, pa lina munthu, kenaka mwawasanjikiza n'kukhala chithunzi chimodzi. Phiri likapanda kukusangalatsani, mumasolola pepala la phiri lokhalo, munthu ndi thambo osakhudzidwa.

N'zothandiza kwambiri zimenezi. Koma tamverani chimene makina sachita.

Tinene kuti anthu awiri, wa burashi ndi wa tabuleti, akhala pamsika m'mawa kuti ajambule mayi wogulitsa tomato. Mayiyo wakhala pa kampando, wavala duku, dzanja limodzi lili pamwamba pa mulu wa tomato. Munthu wosazolowera amatenga mtundu umodzi wodera n'kupaka nkhope yonse, chifukwa mutu wake ukumuuza kuti khungu ndi lodera. Wozolowera amadekha n'kuyang'anitsitsa. Amaona kuti pachipumi, pamene dzuwa lagunda, pakuwala ngati pachita buluu pang'ono chifukwa cha thambo. Pansi pa duku pali mthunzi wakuda umene watsikira m'maso. Kunsi kwa mkono kuli kufiira kumene si kwa khungu ayi, koma kuwala kumene kwagunda tomato n'kubwerera. Amaonanso kuti dzanja lija, poti lalozera kwa iye, zala zake zikuoneka zazifupi kuposa mmene zilili. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Palibe batani pa kompyuta limene lingakuuzeni za kufiira kwa kunsi kwa mkono kuja. Ngati diso silinaone, chithunzi chituluka chakufa, kaya ndi cha pansalu, kaya ndi cha pagalasi.

N'chifukwa chake ndimakana mawu akuti wojambulira pa kompyuta ndi waulesi kapena wakuba luso. David Hockney, Mngelezi wobadwa mu 1937, anatchuka ndi burashi kwa zaka makumimakumi, koma atapitirira zaka 70 anayamba kujambula pa iPhone, kenaka pa iPad, ndipo mu 2011 anajambulirapo mitengo ndi misewu ya kwawo ku Yorkshire pamene masamba akuphuka. Amene amadziwa ntchito yake amaizindikira msanga, chifukwa diso ndi dzanja n'zomwe zija.

Kusiyana kulipo ndithu, koma kuli pena. Kuli pa zimene zimachitika ukalakwitsa, ndi pa chimene chimatsala m'manja ukamaliza.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikuyerekeza kujambula ndi utoto ndi kujambula pa kompyuta, ndipo tafika pa nkhani ya kulakwitsa.

Pa tabuleti, mzere ukakhota, mumangogunda galasi ndi zala ziwiri, mzere uja n'kuzimiririka ngati sunalembedwepo. Mungathe kubwerera m'mbuyo kambirimbiri. Mungathe kusunga chithunzi mmene chilili, n'kuyesa kusintha thambo kuti likhale lofiira, mukaona kuti sizikukoma n'kubwerera pakale. Ufulu umenewu umachotsa mantha, ndipo mantha ndi amene amalepheretsa ana ambiri kuphunzira kujambula. Mwana amene ali ndi pepala limodzi lokha loyera amaopa kulidetsa.

Pansalu mulibe kubwerera kotere. Utoto wamadzi ukalowa m'pepala walowa, ndipo malo amene mumafuna akhale oyera muyenera kuwasiya osapaka kuyambira pachiyambi. Akiriliki amauma m'mphindi zochepa, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, kotero mukachedwa kusalaza mitundu iwiri pamene yakumana, mupeza yagwira kale. Utoto wamafuta umakupatsani masiku, koma mukaugwiragwira usanaume mitundu imasokonekera n'kusanduka matope. Wojambula amakanda ndi mpeni, kapena kudikira kuti paume n'kupakanso pamwamba, koma zakale zija zimakhala zili pansi. Akatswiri ataunika ndi makina chithunzi cha Pablo Picasso cha nkhalamba yoimba gitala, anapeza kuti pansi pake pali anthu ena amene anayamba wawajambula.

Apa ndi pamene ndimaona phindu lalikulu la utoto kwa munthu wophunzira. Umamukakamiza kuganiza asanagwetse dzanja. Amayeza ndi maso kawiri, kusakaniza mtundu, kuuyesa pambali, kenaka n'kupaka kamodzi motsimikiza. Batani lobwerera lija, ngakhale ndi labwino, lili ndi msampha wake: munthu angathe kulemba mzere umodzi ka 20, kufufuta ka 20, kudikira kuti wabwino ungobwera mwamwayi, osadzifunsa n'komwe chimene chikulakwika. Amathanso kukulitsa chithunzi n'kutha ola lathunthu akukonza nsidze, pomwe mutu wonse wakhala mopendekeka pakhosi. Vuto si makina, koma chizolowezi chimene makinawo amalola.

Mitundu nayonso siyenda mofanana. Utoto umameza kuwala kwina n'kubweza kotsala, pamene galasi la foni limatulutsa kuwala kwakekwake kuchokera ku timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Mukasakaniza utoto wofiira ndi wobiriwira mupeza mtundu woderako ngati dothi. Kuwala kofiira ndi kobiriwira kukakumana pagalasi kumatulutsa chikasu. Kompyuta ili ndi mitundu yoposa 16 miliyoni yongosankha, pomwe wa burashi angakhale ndi machubu asanu okha, n'kumapanga yotsalayo yekha. Koma wa kompyuta amakumana nazo akapita kokasindikiza. Buluu uja ankawala pagalasi amatuluka wozizira papepala, chifukwa inki siwala yokha. Aliyense amene anasindikizapo kalendala kapena chikuto cha buku amazidziwa zimenezi, ndipo wochenjera amayamba wasindikiza kamodzi koyesera asanalipire zonse.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

WOULUTSA: Tsopano ntchito yatha. Kodi m'manja mwatsala chiyani?

Wa burashi watsala ndi chinthu. Chili ndi kulemera kwake, fungo lake, m'mphepete mwake. Vincent van Gogh ankaunjika utoto mochindikala kwakuti mizere ya burashi inatsala ngati timizere ta m'munda, ndipo kuwala kukabwera cham'mbali timizereto timachita mithunzi yake. Zimenezi simungazione pa foni. Chithunzi cha Mona Lisa chili pathabwa la masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi, ndipo ngakhale aliyense angachione pa intaneti kwaulere, anthu amakhamukirabe ku Louvre mumzinda wa Paris kukaima pamzere, chifukwa thabwa limene Leonardo da Vinci anagwira ndi limodzi lokha. Kuno kwathu, pitani ku Mua, ku malo a zaluso a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaime pafupi ndi makoma ojambulidwa a nyumba ya Chamare. Kukula kwa chithunzi poyerekeza ndi thupi lanu ndi mbali ya uthenga wake.

Wa kompyuta watsala ndi fayilo. Fayilo ilibe yoyamba ndi yachiwiri. Mukaikopera ka 1,000, zonsezo n'zofanana ndendende. Mphamvu yake ili pamenepo. Mtsikana wa ku Mzimba angathe kujambula chikuto cha nyimbo usiku, m'mawa chili kale kwa woimba ku Johannesburg, malipiro n'kulowa pa foni. Mabuku a ana, makatuni, zikwangwani zamalonda, mauthenga a zaumoyo, zambiri mwa ntchito zolipira masiku ano zimafuna fayilo. Wa burashi amene amagulitsa zithunzi zake ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay amadikira mlendo adutse, ndipo alendo akachepa, nsalu zimangochita fumbi. Koma kufooka kwa fayilo kulinso pomwepo. Chithunzi chimene mnyamata wachezera nacho usiku wonse, wina amangochitenga pa Facebook, kudula dzina, n'kukachisindikiza pa malaya ogulitsa. Zimenezi n'kuba, ndipo lamulo loteteza eni luso, limene bungwe la COSOMA limayang'anira kuno ku Malawi, limateteza chithunzi cha pa kompyuta monga momwe limatetezera cha pansalu.

Ena anayesa kupatsa fayilo mwini mmodzi pogwiritsa ntchito chiphaso cha pa intaneti chotchedwa NFT. Mu Malichi 2021 kampani ya Christie's inagulitsa ntchito ya Mike Winkelmann, wodziwika kuti Beeple, pa madola 69 miliyoni a ku America. Inali zithunzi 5,000 zimene ankajambula chimodzi tsiku lililonse kuyambira mu 2007. Msika wa ziphasozo unagwa kwambiri pasanapite nthawi yaitali, ndipo sindingalangize wachinyamata aliyense kuika mtima pamenepo. Chimene ndingamuuze kuti atengerepo ndi khama lojambula tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 13.

Nanga chokhalitsa n'chiti? Ambiri amaganiza kuti fayilo siwonongeka, poti sidyedwa ndi chiswe, sichita chuku, ndipo sifwifwa ndi dzuwa. Zoona, koma tamvani izi. Mu 1985 Andy Warhol, mmodzi mwa ojambula otchuka kwambiri a ku America, anajambula zithunzi pa kompyuta ya Amiga. Zinasungidwa pa timadisiki ta nthawi imeneyo, ndipo pamene makompyuta anasintha, panalibenso makina wamba otha kuziwerenga. Zinadzaonekanso mu 2014, akatswiri a ku yunivesite ya Carnegie Mellon atalimbana nazo. Zaka 29 zokha, za munthu wotchuka chotero, zinatsala pang'ono kutayika. Nanga za mwana wathu zimene zili pa foni imodzi, imene ingagwe m'madzi kapena kubedwa m'basi? Inu ojambulira pa foni, sungani ntchito yanu malo awiri kapena atatu, pa fulashi ndi pa intaneti, ndipo zimene mumazikonda kwambiri zisindikizeni. Nazonso za utoto zimafuna chisamaliro. Zithunzi za pamatanthwe zimene zapirira mvula ndi mphepo zaka mazanamazana zimawonongeka tsiku limodzi munthu akalembapo dzina lake ndi makala, ndipo zimandipweteka mtima kuti ena amachitabe zimenezi.

Pa ndalama, aliyense ali ndi mtolo wake. Wa burashi amagula utoto ndi nsalu nthawi zonse, ndipo zambiri zimachokera kunja, mitengo yake n'kumakwera limodzi ndi dola. Wa kompyuta amalipira kwambiri kamodzi, pogula chipangizo, kenaka angajambule zithunzi zambirimbiri osagula kanthu, koma amadalira magetsi ndi bandulo. Magetsi akazima batire ili pafupi kutha, ntchito yaima, pamene mnzake wangokokera mpando pafupi ndi zenera. Ndimaganiziranso abambo aja olemba zikwangwani, amene anakongoletsa mabutchala, masaluni ndi magolosale a m'matauni mwathu ndi zithunzi za ng'ombe, mitu yometedwa bwino ndi mabotolo a zakumwa. Zinsalu zosindikiza pamakina zawalanda ntchito yambiri. Komabe muyang'ane bwino mukamayenda: chinsalu chosindikiza chimafwifwa ndi kung'ambika ndi mphepo, pamene ng'ombe yopakidwa pakhoma ndi penti wamafuta imakhalapo zaka. Eni mashopu, musafulumire kuwaiwala amisiri amenewa.

Mawu amodzi pa zithunzi zimene kompyuta imapanga yokha munthu akangolemba chiganizo, zija akuti za AI. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo tisaisokoneze ndi ya lero. Wojambula pa tabuleti amalemba mzere uliwonse ndi dzanja lake. Kumuika gulu limodzi ndi munthu amene wangolemba mawu n'kudikira chithunzi n'kumulakwira. Nkhani imeneyo tidzaipatsa tsiku lakelake.

[KANYIMBO KAYAMBE PANSIPANSI]

WOULUTSA: Kwa inu makolo ndi aphunzitsi amene muli ndi mwana wokonda kujambula kumapeto kwa kope la masamu, musadikire kuti mupeze ndalama za tabuleti kapena za machubu a utoto. Mupatseni pensulo, kapena khala la pamoto ndi katoni yakale. Ngati pakhomo pali foni yotha kulandira pulogalamu yojambulira, mubwerekeni madzulo. Akafika pofuna kuzama, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba amaphunzitsa zojambulajambula.

Ndipo inu achinyamata, nayi ntchito ya sabata ino. Tengani kapu ya tiyi, muiike pawindo m'mawa, muijambule kawiri. Koyamba ndi bolopeni papepala, kuti musathe kufufuta. Kachiwiri pa foni, koma mudziletse kubwerera m'mbuyo kopitirira katatu. Muyang'anitsitse pamene mthunzi wa chogwirira wagwera, ndiponso mmene kukamwa kwa kapuyo, kumene mukudziwa kuti n'kozungulira, kukuonekera kophwatalala mukakhala pansi. Mukamaliza, muonetse zithunzi ziwirizo kwa agogo kapena kwa mng'ono wanu, osawauza kanthu, mumve chimene anene.



[KANYIMBO KOTSEKERA]